Tidziwe liwu loti blow-up

Ambirife tikamva mawu oti blow up timaganiza za bomba. Sitikulakwa, poti tanthauzo lake lodziwika kwambiri ndi kuphulika kapena kuphulitsa. Koma mawu omwewa akakhala dzina, lolembedwa ndi kamzere pakati, blow-up, kawirikawiri amatanthauza chithunzi chimene chakulitsidwa kuchokera ku chithunzi chaching'ono. Ena, makamaka a ku America, amalemba molumikiza, blowup. Zikakhala zambiri ndi blow-ups.

Nanga bomba ndi chithunzi zikukumana pati? Sizikumana. Mneni blow up ali ndi tanthauzo lina, kuuzira mpweya m'chinthu mpaka chitafufuma, monga chibaluni. Chithunzi chokulitsidwa chili ngati chibaluni cholembedwa mawu: ukachiuzira zilembo zimakula, koma ndi zomwe zija, zangotambasuka.

Pomwe timapunthwa kwambiri ndi pa kalembedwe. Dzina lili ndi kamzere, mneni alibe. Timati "a blow-up of the map", koma "we will blow up the map". Potchula, pa dzina timatsindika blow, pa mneni timatsindika up. Mneniyu amalola kugawidwa pawiri, choncho "blow up the photo" ndi "blow the photo up" onse ndi olondola. Koma pakabwera mlowam'malo, malo ake ndi pakati basi: "blow it up", osati "blow up it". Nthawi yakale ndi blew ndi blown, monga "the picture was blown up". Blowed tisamulowe naye m'mayeso.

Tichenjerenso ndi chomwe tikukulitsacho. Munthu akalemba kuti "we blew up the headteacher" pofuna kunena za chithunzi cha mphunzitsi wamkulu, owerenga athamangira kupolisi. Liwu loti photo lisasowe m'chiganizo chotere. Ndipo poti blow-up ndi liwu la ojambula ndi osindikiza pocheza pantchito, mu lipoti kapena kafukufuku ife tingasankhe enlarge ndi enlargement, omwe sasokoneza munthu.

Mu 1966 Michelangelo Antonioni anatulutsa filimu yotchedwa Blow-Up. Sitikuitchula kuti mukaifunefune, koma chifukwa cha nkhani yake. Wojambula wina wa ku London akukulitsa zithunzi zomwe anatola m'paki, nkuona ngati muli mfuti ndi mtembo. Akamakulitsabe kuti atsimikize, chithunzicho chimangosanduka timadontho. Kukulitsa sikuwonjezera chomwe kamera sinagwire.

Izi zikutikhudza ife amene tikukonzekera kukaima kutsogolo kwa kalasi. Mwana wa benchi yakumbuyo sangaone chithunzi cha mtima chomwe chili m'buku limodzi lomwe mphunzitsi wanyamula. Tikafuna kuchikulitsa pa makina, tiyambe tayang'ana kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi, tomwe amati ma pixel. Osindikiza amakonda timadontho 300 pa inchi iliyonse, ndipo pa mlingo umenewo pepala la A4 limafuna 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. Chithunzi cholandira pa WhatsApp nthawi zambiri chimakhala chitachepetsedwa kale, pokhapokha wotumizayo atachitumiza ngati document. Kuchikulitsa chotere nkutaya ndalama ya inki, mitsempha ya mtima ija imangooneka ngati phala.

Kusukulu kopanda magetsi njira ilipobe, ndipo ndi yogwirizana ndi zomwe timaphunzira za TALULAR. Timajambula timabokosi ta sentimita 1 pamwamba pa chithunzi cha m'buku, ndi pensulo yosakanikiza, kenako mabokosi a masentimita 5 pa tchati, nkumakopera bokosi limodzilimodzi. Chithunzi chimakula kasanu m'litali ndi kasanu m'lifupi, kutanthauza kuti chimadya malo ochuluka ka 25, ndiye pepala tiliyeze tisanayambe. Chojambula pamanjachi m'Chingerezi tingachitche enlarged drawing. Blow-up kawirikawiri amasiyira zochokera m'kamera ndi m'makina.