Zoyamba Kuonera Mukafika ku Livingstone

Wochokera ku Lilongwe kapena ku Chipata akamatsika basi ku Livingstone amakhala atatha masiku awiri pa msewu, ndipo kawirikawiri thumba limamulola kugona kumeneko masiku atatu kapena anayi basi. Za masana sizivuta, chifukwa aliyense amadziwa kuti mapazi aloza ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, makilomita pafupifupi 10 kumwera kwa tauniyi. Chimene chimazunguza mutu ndi madzulo. Pamalo ogona alendo mupeza mapepala oitanira ku magule, ku mgonero wa ng'oma, ku chisudzo cha tsidya lina la mlatho, ndipo wa takisi aliyense ali ndi malo ake amene amawatama. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Maganizo anga ndi akuti pa chionetsero chilichonse mudzifunse funso limodzi lokha: kodi chimenechi ndingachione kwina, kapena tsiku lina? Chimene simungachione kwina kapena tsiku lina chikhale choyamba, ngakhale chikhale chovuta kuchipeza. Chimene chimachitika usiku uliwonse chidikire, ngakhale pepala lake likhale lokongola chotani.

Msewu womwewo ndi umene umayamba kukuthandizani kusankha. Kuchokera ku Lilongwe mudzera ku Mchinji n'kulowa Zambia pa chipata cha Mwami, pomwe kuyambira mu Disembala 2022 maofesi a mayiko awiriwa amagwirira ntchito malo amodzi, ndipo Mmalawi safunika viza. Kuchoka ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kudzera ku Katete, Petauke, Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, mpaka pa Intercity mu Lusaka. Gonani pomwepo, mugule tikiti ya basi ya m'mawa, chifukwa kwatsala makilomita oposa 470 kudzera ku Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo, ulendo wa maola asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Tsono taonani zimene mwadutsa. Pafupi ndi Chipata pali Mtenguleni, kumene Angoni a Mpezeni amachita Nc'wala Loweruka lomaliza la Febuluwale. Ku Katete kuli Mkaika, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi Loweruka lomaliza la Ogasiti. Munthu amene wadutsa pakhomo pa eni ngoma ndi eni Gule Wamkulu alibe chifukwa cholipirira kuti akaone magule omwewo atadulidwa kukhala mphindi zisanu pa bwalo la hotela. Mlendo wochokera ku Germany angapindule nazo, pakuti mwina sadzafika ku Katete moyo wake wonse, koma inu ndalama imeneyo ili ndi ntchito ina.

Ndi bwino kunena poyera kuti Livingstone si tauni ya nyumba za zisudzo. Inakula mlatho wa pa Zambezi utatha kumangidwa mu 1905, n'kukhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, ndipo mu Mosi-oa-Tunya Road muli nyumba ya Capitol Theatre ya mu 1931, imene inatchuka kwambiri ndi kanema. Wofuna sewero lolembedwa, la mtundu umene Amalawi anauzolowera kwa a Kwathu kapena kwa Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata, afunse ku Lusaka Playhouse tsiku limene wagona mu Lusaka. Chuma cha Livingstone chili pa bwalo, ndipo eni bwalolo ndi Atoka ndi Aleya a mfumu Mukuni, Atonga ndi Alozi.

N'chifukwa chake pamwamba pa zonse ndikuikapo Lwiindi, mwambo wothokoza ndi kupempha kwa mizimu ya makolo. Mudzi wa Mukuni uli kufupi ndi mathithi, ndipo ufumu wake uli ndi chinthu chimene Mchewa angachimve msanga: pambali pa mfumu pali mayi wotchedwa Bedyango, amene amasunga za nthaka ndi za mizimu, ndipo mawu ake ndi olemera pa nkhani zazikulu za mudzi. Tsiku la mwambowu limalengezedwa ndi a kwa mfumu, choncho lifufuzeni musanagule tikiti ya basi, ndipo ulendo wonse muuyeze pa tsiku limenelo. Lwiindi ina, ya Gonde, imachitika kwa mfumu Monze kumayambiriro kwa Julayi, nthawi ya tchuthi cha Heroes ndi Unity, ndipo Monze ali pa msewu wanu womwewo. Pa miyambo ya Atonga yotereyi ndi pamene mungakumane ndi budima, gule wa nkhondo wa anthu a m'chigwa cha Zambezi, amene bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wake mu 2020. Amuna amalumpha ndi mikondo italiitali, ng'oma zazikulu ndi zazing'ono zikugunda, amayi akuimba atavala mikanda, ndipo ena akuliza nyanga za nyama zimene iliyonse imatulutsa liwu limodzi lokha, moti nyimbo imamveka pokhapokha oliza ambiri akalowetsana mawu, uyu pake uyu pake. Gule wofuna khamu la anthu chotere sangakwane pakati pa matebulo odyera, ndiye mukamva kuti akuvinidwa pamene inu muli pafupi, siyani zina zonse. Chimodzimodzi ngati masiku anu agwirizana ndi chikondwerero cha Livingstone International Cultural Arts Festival, chimene chimasonkhanitsa magulu a magule a m'zigawo zosiyanasiyana za Zambia n'kudutsa nawo m'misewu ya tauni; nachonso tsiku lake limasintha, ndiye funsani a Zambia Tourism Agency.

Wina anganene kuti mwambo si chisudzo, ndipo kuuika pa mndandanda wa zoonera n'kuunyoza. Mawuwa ali ndi choonadi, ndipo ife amene timadziwa kuti ku dambwe sikupita aliyense sitiyenera kuuzidwa kawiri. Komabe yankho lake si kuthawa mwambowo ayi, koma kupitako monga mlendo wa ulemu. Mbali ya pa bwalo eni ake amaitanirako anthu onse. Mbali ya ku malo a nsembe ndi ya eni mudzi, ndipo akakuuzani kuti imani apa, imani pomwepo. Amayi atenge chitenje, abambo avule chipewa pamaso pa mfumu, ndipo foni isakwezedwe kujambula munthu asanavomere. Winanso anganene kuti anthu ambiri sasankha okha masiku a tchuthi, ndiye Lwiindi idzawaphonya. Zimenezi n'zoona, ndipo ndi pamene malo achiwiri amalowera, omwe ndi Maramba Cultural Village, mudzi wa chikhalidwe umene unakonzedwa mwatsopano pokonzekera msonkhano waukulu wa bungwe loona za zokopa alendo pa dziko lonse, umene Livingstone ndi Victoria Falls anachititsa limodzi mu Ogasiti 2013. Pitaniko masana a tsiku loyamba mukafunse kuti ndi gulu liti livine, liti, nthawi yanji, m'malo mongotulukira madzulo n'kuyembekezera kupeza ng'oma zikulira. Chinyanja chimamveka bwino mu Maramba, Libuyu ndi Dambwa, pamodzi ndi Chitonga ndi Chilozi, ndiye kufunsa sikuvuta. M'mawa wa tsiku lomwelo lowani mu Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, muone ng'oma, zigoba ndi zipangizo za mitundu ya m'dzikoli, kuti madzulo maso anu adziwe chimene akuona.

Pa magule a ku Maramba ndi malo ena, amene ndingakulimbikitseni kwambiri ndi makishi, komanso kulira kwa silimba ya Alozi, imene ndi mbale wake wa ulimba wathu wa ku chigwa cha Shire. Apa wowerenga wochenjera andigwira mawu: makishi kwawo si ku Livingstone, ndi a Aluvale, Achokwe, Aluchazi ndi Ambunda, ndiye akusiyana bwanji ndi ngoma imene ndakuuzani kuti muisiye? Kusiyana kuli pa inu woonera. Ku Mtenguleni mungafike tsiku limodzi kuchokera ku Lilongwe, pamene Likumbi lya Mize, mwambo waukulu wa makishi, umachitika mu Ogasiti ku boma la Zambezi, kumapeto kwenikweni kwa Zambia kumpoto cha kumadzulo, kumene ambiri a ife sitidzapondako. Ndiponso palibe mlendo amene angamvetse makishi kuposa Mchewa. Ndi mizimu ya makolo yotuluka pa nthawi ya mukanda, chinamwali cha anyamata, ndipo likishi lililonse lili ndi khalidwe lake: Mupala ndi mwini mukanda, Chizaluke ndi mkulu wa mphamvu, Pwevo ndi mkazi wa chitsanzo ngakhale amavinidwa ndi mwamuna. UNESCO inalemekeza makishi mu 2005, chaka chomwecho ndi Gule Wamkulu ndi vimbuza. Ndipo amene amati gule wovinira alendo ndi wabodza akumbuke zimene a Kungoni amachita ku Mua: gule wa pa chionetsero sakhala ndi kulemera kwa gule wa pa maliro, koma mapazi, ng'oma ndi luso lopanga chigoba n'zenizeni.

Usiku umodzi upatseni chisudzo cha Simunye, tsidya la Zimbabwe, m'tauni ya Victoria Falls. Ichi ndiye chisudzo chenicheni cha pa nsanja, chokhala ndi nkhani yoyamba ndi kutha, magetsi, nyimbo, kuvina ndi zidole zikuluzikulu zoyendetsedwa ndi anthu, ndipo aliyense amene amachita zisudzo kwathu kuno aphunzirapo zambiri. Ndachiika pachitatu osati chifukwa n'chochepa, koma chifukwa chimaonetsedwa kawirikawiri, moti mungachisunthire ku usiku umene ulibe kanthu. Mufunika pasipoti ndi madola a ku America, ndipo musanawoloke funsani nthawi imene chipata chimatsekedwa. Wolokani mlatho wapansi dzuwa likadalipo kuti muone phompho la Zambezi, koma pobwerera panganani ndi wa takisi pasadakhale. Msewu wa pakati pa mathithi ndi Livingstone umadutsa m'malo osungira nyama, ndipo njovu zimawoloka pamenepo, makamaka m'chilimwe. Usiku sayendapo wapansi.

Migonero ya ng'oma ya m'mahotela, monga The Boma ya ku Victoria Falls kumene mlendo aliyense amapatsidwa ng'oma kuti aimbe nawo, ibwere pomaliza. Oikonda ali ndi mfundo ziwiri zamphamvu: siphonya nthawi, ndipo imadyetsa mabanja a ovina. Sindikutsutsa, ndipo banja lokhala ndi ana lisangalala nayo kwambiri usiku wotsazikira. Kungoti mbali yaikulu ya ndalama imene mumalipira ndi ya chakudya ndi malo, ndipo magule amasankhidwa kuti akomere munthu amene akudya. Ngati mtima wanu uli pa ovina, sinthani makwacha a Zambia ang'onoang'ono mukafupe wovina ndi woimba ng'oma pa bwalo, monga timachitira kwathu.

Musanamalize kugawa masiku anu, yang'ananinso mwezi kumwamba. Madzi akakhala ambiri, kuyambira cha mu Malichi mpaka Julayi, ndipo mwezi uli wathunthu, pa mathithi pamaoneka utawaleza wa usiku, ndipo a paki amatsegula chipata madzulo kwa masiku ochepa okha ozungulira tsikulo. Mwa funso lathu lija, usiku umenewo sungaperekedwe kwa chionetsero chilichonse chimene chidzakhalaponso mawa. Kumayambiriro kwa Julayi ndiye nthawi imene zambiri zimakumana, Lwiindi ya ku Monze popita ndi madzi akadali okwanira pa mathithi, koma pa tchuthi chimenechi mabasi ndi malo ogona zimadzaza msanga, ndipo usiku kumazizira kwambiri, ndiye lipirani malo kukadali nthawi ndipo tengani jekete lochindikala. Oyenda mu Ogasiti awerenge masiku obwerera kuti Lachisanu lisanafike Loweruka lomaliza la mweziwo akhale atatsika basi pa Katete kukaona mwambo wa ku Mkaika uja.