Mutu 7: Magalasi otayidwa m'malo mwa gawo la simenti

Mawu oyamba

Hillbrow, m'kati mwa mzinda wa Johannesburg, ndi dera la nyumba zosanjikizana zakonkire kumene kumakhalanso Amalawi ambiri. Nsanja ya Hillbrow Tower, yotalika mamita 269, inamalizidwa mu 1971. Nyumba zambiri zakumeneku n'zakale ndipo zimafunika kukonzedwa, koma simenti ndi yodula. Komweko, mabotolo amatayidwa tsiku lililonse. M'mutuwu tiona mmene mavuto awiriwa angathandizirane kutha.

Zolinga

Pomaliza pa mutuwu mudzatha:
a) kufotokoza chifukwa chake ufa wagalasi umalimbitsa konkire;
b) kutchula kuopsa kwa galasi losaperedwa bwino;
c) kukonzera ophunzira anu samu pa nkhaniyi.

Simenti ndi galasi

Popanga simenti amawotcha miyala ya laimu ndi dongo pa kutentha kwa pafupifupi 1,450°C. Ntchitoyi imatulutsa pafupifupi 8% ya mpweya wa carbon dioxide umene anthu amatulutsa padziko lonse. Galasi la botolo lili ndi silika wokwana pafupifupi 70%. Simenti ikathiridwa madzi imasiya laimu wina amene salimbitsa konkire. Silika wa mu ufa wagalasi amagwirizana ndi laimuyo n'kupanga zomatira zina. Aroma akale ankachita zofanana ndi zimenezi ndi phulusa la mapiri ophulika la ku Pozzuoli, ku Italy.

Kawirikawiri ufawu umalowa m'malo mwa 10% mpaka 20% ya simenti. Konkire yotere imachedwerapo kulimba masiku oyamba, koma mphamvu yake imapitiriza kukwera ngakhale atadutsa masiku 28. Ku Montreal, ku Canada, milatho ya Darwin inamangidwa ndi konkire imene 10% ya simenti yake inali ufa wagalasi.

Chenjezo

Si nkhani yongophwanya mabotolo ndi nyundo ayi. Galasi liyenera kutsukidwa n'kuperedwa pamakina mpaka kusalala ngati simenti yeniyeniyo. Zidutswa zikuluzikulu zimapanga phala lomwa madzi limene limatupa n'kung'amba konkire patapita zaka. M'nyumba yosanjikizana, mng'alu wotere umaika miyoyo pachiswe. Choncho konkire yonyamula denga kapena nyumba yapamwamba iyambe yayesedwa ndi akatswiri. Musalole ana kuphwanya magalasi pasukulu. Amacheka, ndipo fumbi lake n'loipa m'maso ndi m'chifuwa.

Ntchito 7.1

1. Mmisiri akufuna matumba 40 a simenti a makilogalamu 50 lililonse. Ngati 15% ilowedwa m'malo ndi ufa wagalasi, agula matumba angati? Ufawo ukhala makilogalamu angati?
2. Pamodzi ndi ophunzira anu, fufuzani kumene mabotolo otayidwa a m'dera lanu amathera. Lembani zimene mwapeza m'ndime ziwiri ndipo mutumize kwa mlangizi wanu.

Mayankho a funso 1: matumba 34, makilogalamu 300.