Phunziro la Masamu: Kupeza Nambala Yobisika

Anthu a m'boma la Rumphi anayamba kale kukonda sukulu, makamaka kuyambira chaka cha 1894 pamene Dr Robert Laws anakhazika sukulu yaikulu ya Livingstonia pa Khondowe. Koma kufikira lero alipo ambiri, ana ndi akulu omwe, amene amachita mantha akaona chilembo pakati pa manambala. Masamu otere amatchedwa aljebura. Dzinali linachokera ku mawu a Chiarabu akuti al-jabr, amene ali pa mutu wa buku limene al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820.

Malamulo ake oyamba ndi awiri. Loyamba: nambala imene munthu sakuidziwa aipatse chilembo, monga x, kufikira ataipeza. Lachiwiri: chizindikiro cha = chili ngati sikelo ya mbale ziwiri zolingana. Chimene munthu achita ku mbale imodzi achitenso ku inzake, apo ayi sikelo ipendekeka.

Nachi chitsanzo. Mlimi wa khofi wa ku Phoka wayeza matumba 3 olemera mofanana pamodzi ndi dengu la khofi la makilogalamu 8, ndipo zonse zakwana makilogalamu 158. Kodi thumba limodzi likulemera bwanji? Kulemera kwa thumba limodzi kukhale x. Matumba 3 alembedwa 3x, ndiko kunena 3 kuchulukitsa ndi x.

3x + 8 = 158

Achotse 8 mbali zonse ziwiri: 3x = 150.

Agawe mbali zonse ziwiri ndi 3: x = 50.

Thumba limodzi lili ndi makilogalamu 50. Asanakhulupirire yankho, alibwezere pamalo pa x. Matumba 3 a makilogalamu 50 ndi 150, kuwonjezapo 8 ndi 158. Zagwirizana.

Njira yomweyi imathandizanso pa ndalama. Mayi wina wa ku Bolero anatuma munthu kukamgulitsira matumba 4 a mtedza pa boma la Rumphi. Wotumidwayo analipira galimoto K6,000 nabwera ndi K154,000. Apa x ndi mtengo wa thumba limodzi.

4x − 6,000 = 154,000

Popeza K6,000 inachotsedwa, aibwezere mbali zonse ziwiri: 4x = 160,000. Akagawa ndi 4 apeza K40,000. Ngati anzake anagulitsa tsiku lomwelo pa mtengo woposa pamenepa, mayiyu ali ndi chifukwa chofunsira bwino wotumidwayo.

Aphunzitsi akupemphedwa kuyamba phunziroli ndi sikelo yeniyeni, miyala ndi kathumba komanga, asanalembe x pa bolodi. Mwana amene wachotsa yekha miyala m'mbale zonse ziwiri saiwala msanga lamuloli.

Funso la mwezi uno ndi ili: mabelo 5 a fodya olemera mofanana, pamodzi ndi mtolo wa makilogalamu 20, akwana makilogalamu 470. Belo limodzi likulemera bwanji? Yankho lidzatuluka m'nyuzi ya mwezi wamawa.