Phunziro 4: Thambo la Usana ndi Umboni Wake

SABATA MASANA

Vesi Loloweza: Masalmo 19:1.

Ganizo Lalikulu: Kudziwa njira imene thambo lipezera maonekedwe ake sikumchotsa Mlengi, koma kutionetsa dongosolo la ntchito ya manja Ake.

Ana athu amaphunzira kusukulu kuti thambo si denga lopakidwa utoto, koma mpweya wowalitsidwa ndi dzuwa. Ena a ife timachita mantha pomva zotere, poyesa kuti chinthu chikalongosoledwa ndiye kuti Mulungu wachotsedwamo. Ana akaona mantha athuwo amayamba kuganiza kuti ayenera kusankha pakati pa Baibulo ndi maphunziro, ndipo ena asiya chikhulupiriro pa chifukwa chimenechi. Mlungu uno tiyang'ana kumwamba mopanda mantha.

LAMULUNGU: Ntchito ya Tsiku Lachiwiri

Werengani Genesis 1:6-8. Kodi Mulungu analenga chiyani tsiku lachiwiri, ndipo analipatsa ntchito yotani?

Thambo limene mbalame ziulukamo (vesi 20) ndi mpweya wokuta dziko lapansi. Pa magawo 100 alionse a mpweyawu, pafupifupi 78 ndi nayitrojeni ndipo 21 ndi okisijeni, amene tipuma kuti tikhale ndi moyo. Mpweya wa m'nyumba mwathu ulibe mtundu uliwonse. Koma tikakweza maso usana wopanda mitambo, mpweya womwewo uoneka wa buluu kuchokera kum'mawa kufikira kumadzulo. Nanga mtunduwo uchokera kuti?

LOLEMBA: Mitundu Yobisika M'kuwala

Werengani Genesis 1:3, 4; 9:12-16.

Dzuwa lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni, ndipo kuwala kwake kumatifika patapita mphindi 8. Kuwalako kumaoneka koyera, koma muli mitundu yambiri. Cha m'ma 1666 Isaac Newton wa ku England anakupyoza m'galasi la nsonga zitatu, nakuona kutagawika m'mitundu yonse ya utawaleza. Madontho a mvula amachita zomwezo poonetsa uta wa pangano.

Kuwala kumayenda ngati mafunde. Mafunde a mtundu wofiira ndi aatali. A buluu ndi aafupi. Pa kusiyana kwakung'ono kumeneku ndi pamene pagona yankho la funso lathu.

LACHIWIRI: M'mene Buluu Abalalikira

Werengani Yobu 38:19, 20, 24. N'chifukwa chiyani Mulungu anafunsa Yobu za njira ya kuwala?

M'chaka cha 1871 John William Strutt, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina lakuti Lord Rayleigh, anaonetsa ndi masamu kuti tizinthu tating'onoting'ono kwambiri timabalalitsa mafunde aafupi koposa aatali. Kuwala kwa dzuwa kukalowa mumpweya kumakomana ndi tizigawo take tosaoneka ndi maso. Mtundu wofiira umapitirira osapatuka kwenikweni, pamene buluu amabalalika kasanu kapena kuposerapo. Motero buluu amafika m'maso mwathu kuchokera kumbali zonse za thambo, ngakhale tafulatira dzuwa.

Umboni wake ndi wakuti kopanda mpweya kulibenso thambo lotere. Anthu amene anaponda pa mwezi mu 1969 anaima padzuwa lowala, koma pamwamba pawo panali bii ngati usiku.

Kodi taluza chiyani podziwa zimenezi? Mmisiri sachepa ulemu ife tikazindikira m'mene analumikizira matabwa a chitseko. Rayleigh anapeza lamulo, koma sanaliike ndiye. Mpweya umene utipatsa moyo ndi womwewo umene umwaza kuwala kufikira pamthunzi ndi kukongoletsa kumwamba. Werengani Aroma 1:20 ndi Akolose 1:16, 17.

LACHITATU: Thambo Lofiira

Werengani Mateyu 16:1-4. Kodi Yesu anadzudzula Afarisi ndi Asaduki chifukwa chodziwa nyengo, kapena chifukwa cha china?

Madzulo dzuwa likatsika, kuwala kwake kumadutsa mumpweya wochuluka kusanatifike. Buluu amabalalika natha m'njira, ndipo chotsala ndi kufiira. Lamulo limodzi lomwelo lipereka buluu masana ndi kufiira madzulo. Ifenso tikudziwa kuti m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene tchire likupsa, thambo limatuwa. Utsi ndi fumbi n'zokulirapo ndipo zimabalalitsa mitundu yonse pamodzi. Mvula ikatsuka mpweya, buluu amabwerera.

Ambuye sanatsutse nzeru yowerenga thambo. Chimene chinawamvetsa chisoni n'chakuti anthu odziwa za mvula ya mawa sanamzindikire Mesiya ataima pamaso pawo. Choopsa kwa ife ndi ana athu si kudziwa zambiri, koma kuima pa chizindikiro osafika kwa Mwini wake.

LACHINAYI: Mtundu Wokumbutsa

Werengani Eksodo 24:9, 10, Numeri 15:37-41, Ezekieli 1:26.

Akulu a Israyeli pa Sinai anaona pansi pa mapazi a Mulungu chinthu chonga mwala wa safiro, choyera ngati thambo lenileni. Pambuyo pake Mulungu analamula kuti m'mphonje za zovala zawo aikemo thonje la buluu, kuti poliona akumbukire malamulo Ake ndi kuwachita. Munthu wa Israyeli ankadziwa bwino amene anapota thonjelo ndi utoto umene analinyikamo, koma kudziwako sikunachepetse mphamvu yake ya kukumbutsa.

Ife sitisoka mphonje zotere, koma thambo layalidwa pamwamba pathu tsiku ndi tsiku. Mose anachenjeza kuti tisalambire za kumwamba (Deuteronomo 4:19). Mngelo woyamba atiitana kulambira Iye amene anazilenga (Chivumbulutso 14:6, 7), ndipo chifukwa chomwecho ndi chimene chili m'lamulo la Sabata (Eksodo 20:11).

LACHISANU: Mafunso Okambirana

1. Mwana atatiuza kuti sayansi yalongosola thambo, choncho Mulungu safunikanso, tingamuyankhe bwanji popanda kunyoza aphunzitsi ake?

2. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa funso lakuti “zimachitika bwanji” ndi lakuti “anaziika ndani”?

3. Tingagwiritse ntchito motani maora a Sabata masana pophunzitsa mabanja athu za Mlengi kunja kwa nyumba?

Mwachidule: Thambo lioneka la buluu chifukwa mpweya umabalalitsa mafunde aafupi a kuwala kwa dzuwa. Dongosolo limeneli ndi ntchito ya Mulungu, ndipo tikalimvetsa tili ndi chifukwa choonjezera cha kumlambira ndi kusunga tsiku Lake.