Phunziro 18: Kagawidwe ka Ndalama za Koperativa

Ife alimi a ku Maniamba timadziwa kuti mtengo wa mbewu sukhazikika. Pokolola, chimanga chimatsika mtengo. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, chimakwera. Zimenezi tinazizolowera.

Koma kugwa kwina kumachokera kutali. Tikumbuke nandolo. Dziko la India ndilo limagula nandolo wambiri wa ku Mozambique ndi ku Malawi. Mu 2016 mtengo unali wabwino, ndipo alimi ambiri anakuza minda. Mu Ogasiti 2017 boma la India linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo, pakuti alimi akumeneko anali atakolola wochuluka. Mtengo kuno unagweratu. Amene anadalira nandolo yekha analira.

Anthu a ndalama ku New York ndi ku London nawonso amaopa kugwa kotere. Tsono amalemba mndandanda wa katundu amene maiko onse amagula: chimanga, tirigu, soya, shuga, khofi, thonje, ng'ombe, mafuta a galimoto, golide, kopa. Tsiku ndi tsiku amaphatikiza mitengo yake napeza nambala imodzi. Mndandanda wotere amautcha indekisi. Wina wodziwika ndi Bloomberg Commodity Index. Unayamba mu 1998 ndi dzina lina, ndipo uli ndi katundu woposa mitundu 20. Pogawa chaka chilichonse, gulu limodzi, monga la mafuta ndi gasi, sililoledwa kupitirira magawo 33 pa 100.

Kenaka anthu ambiri amasonkha ndalama m'thumba limodzi, monga timachitira ife m'koperativa. Wosunga thumbalo sasankha katundu wa kumtima kwake. Amangotsata mndandanda. Khofi akagwa, mwina mafuta akwera, ndipo thumba silikhuthuka.

Apa tiwerenge mofatsa. Ndalamazo sizigula chimanga chogwirika ndi manja ayi. Zimagula mapangano olembedwa: chimanga chakuti, mwezi wakuti, pa mtengo wakuti. Msika waukulu wa mapangano a chimanga uli ku Chicago. Mwezi uja ukayandikira, amagulitsa pangano lakale nagula latsopano, ndipo kawirikawiri latsopanolo limadula, chifukwa kusunga katundu kumadya ndalama. Nanga ife sitidziwa? Anankafumbwe, mankhwala, masaka, mlonda. Ndiponso mbuzi imaswa, munda umabala, koma pangano silibala kanthu. Phindu lake ndi mtengo ukakwera basi. Zaka zina katundu pafupifupi yense amagwa pamodzi, monga zinachitikira kumapeto kwa 2008.

Kodi koperativa yathu igule nawo? Misika imeneyi ili kutali, imafuna madola ndi akaunti ya ku banki. Munthu akafika pa njinga yamoto nati, "Bwerani nazo ndalama, ndikakuikireni ku golide ndi mafuta, phindu mwezi uliwonse," timukane. Thumba loona sililonjeza phindu.

Chimene tingatengeko ife ndi kagawidwe. Tiyerekeze kuti koperativa ili ndi metikali 10,000 zogulira katundu wokagulitsa ku Lichinga. Tikagula nandolo yekha, mtengo nkugwa ndi theka, titsala ndi 5,000. Tsono tigawe chonchi: chimanga 4,000, nyemba 3,000, usipa wouma wa ku Metangula 2,000, nandolo 1,000. Nandolo akagwa ndi theka, tataya 500 zokha. Titsala ndi 9,500.

Ena adzati, "Nanga nandolo akakwera kawiri?" Zoonadi. Pamenepo tidzapindula 1,000 zokha, pamene mnzathu wogula nandolo yekha wapindula 10,000. Mtima udzawawa, tisabisane. Koma ndalama izi si za munthu mmodzi. Muli za amayi amasiye, muli za mbewu ya chaka chamawa.

Nchifukwa chake magawo tizipangana pa msonkhano wa onse, tisanagule kanthu. Mlembi alembe m'buku. Msungichuma asasinthe yekha chifukwa wamva mphekesera pa msika. Tikafuna kusintha, tidikire msonkhano wina.

Mafunso

1. Nchiyani chinagwetsa mtengo wa nandolo mu 2017?
2. Pa kagawidwe kathu kaja, nyemba zikagwa ndi theka, titsala ndi zingati?
3. Lembani katundu anayi amene koperativa yanu ingagule chaka chino, ndi gawo la aliyense.