Phunziro: Liwu la Chingerezi lakuti "mount"

Amai, ngati munaimirirapo kutsogolo kumasulira ulaliki wa Chingerezi, kapena mdzukulu anabwera ndi Baibulo lake kudzafunsa tanthauzo la liwu, mudziwa kuti liwu limodzi lokha lingathe kukuchititsani manyazi. Lero titenge liwu lakuti mount.

Ambiri tinalimva koyamba m'maina a mapiri, monga Mount Sinai ndi Mount of Olives. Linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza phiri, ndipo m'menemo linatenganso tanthauzo la kukwera: kukwera kavalo, kukwera njinga. Tsegulani Yesaya 40:31. Baibulo la King James la 1611 lili ndi liwuli pamene mneneri afanizira anthu oyembekezera Yehova ndi ziombankhanga zouluka kunka m'mwamba. Apo mukati "kukwera" simunalakwe.

Tsopano pitani ku Eksodo 28, pamene Mulungu auza Mose za zovala za Aroni. Pa vesi 17 Baibulo la NIV lili ndi liwu lomwelo ponena za miyala ya mtengo wapatali ya pa chapachifuwa. Womasulira wothamanga anganene kuti miyalayo ikwere. Kodi mwala umakwera? Iyayi. Pano tanthauzo lake ndi kuika chinthu m'malo mwake ndi kuchilimbitsa kuti chisagwe, monga mukhomera chithunzi pa khoma. Inu amene mumasoka mudziwa kusiyana kwa batani longokoleka ndi batani losokerera bwino.

Musapitirire msanga pamenepa. Miyalayo inali 12, m'mizere 4, ndipo mwala uliwonse unalembedwa dzina la fuko limodzi la Israyeli. Vesi 28 linena kuti chapachifuwacho chimangidwe ndi chingwe kuti chisamasuke, ndipo vesi 29 lipereka chifukwa: Aroni anyamule mainawo pamtima pake polowa m'malo opatulika. Mwala umodzi ukanagwa, dzina la fuko lathunthu likanatsala kunja. Ine ndiganiza kuti tanthauzo lachiwirili lipatsa chitonthozo chachikulu kwa mai wotopa, amene lero sakumva mapiko alionse pa mapewa pake.

Pa msonkhano wa Chigwirizano werengani pamodzi Eksodo 28:15-30 ndi Ahebri 7:23-25, ndipo mukambirane: ndani anyamula maina athu pamaso pa Mulungu tsopano, ndipo asiyana bwanji ndi Aroni?