Phunziro 9: Opaleshoni ya Khosi Yodzera M'mphuno

Gwirani kumbuyo kwa khosi lanu. Muli mafupa 7 osanjikizana. Aŵiri apamwamba ndiwo asenza mutu. Loyamba dzina lake ndi atlas. Lachiŵiri ndi axis.

Fupa lachiŵirili lili ndi kamsonga konga dzino. Mukamatembenuza mutu pokana chinthu, fupa loyamba limazungulira pa kamsongako. Kuseri kwake kumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Mtsemphawu ndiwo umalamula manja, miyendo, ngakhale kupuma.

Nthaŵi zina mafupa aŵa amaguluka chifukwa cha ngozi, nyamakazi, kapena TB ya m'mafupa. Zikatero kamsonga kaja kamapsinja mtsempha. Munthu amamva dzanzi m'manja, amagwetsa zinthu, ndipo amayenda modzandira. Akachedwa kupita ku chipatala, ziŵalo zikhoza kufa.

Kale, pochotsa kamsongako madokotala ankadzera m'kamwa, nkucheka kummero. Wodwala ankatha masiku osadya ndi pakamwa.

M'chaka cha 2005, madokotala a ku Pittsburgh, m'dziko la America, analengeza njira ina. Iwo anadzera m'mphuno. Pa njirayi dokotala amaloŵetsa kachipangizo kotchedwa endoscope. Nkoŵanda mamilimita 4 okha, sikafika ndi pa pensulo yomwe. Kali ndi nyali ndiponso kamera. Dokotala amaona zam'kati pa kanema, namapala kamsonga kaja pang'onopang'ono mpaka mtsempha utamasuka. Bala limakhala laling'ono, ndipo wodwala sachedwa kuyamba kudya. Kaŵirikaŵiri amamanganso mafupawo ndi tizitsulo kumbuyo kwa khosi kuti asagwedere.

Komatu iyi si ntchito yamaseŵera. Imachitika m'zipatala zazikulu zoŵerengeka, ndipo si wodwala aliyense amene njirayi ingamuyenere. Ndiponso mtsempha ukaonongeka kwambiri, suchira msanga, mwina osachira konse.

Tsono inu kumbukirani ziŵiri izi. Khosi likamaŵaŵa pamodzi ndi dzanzi m'manja, pitani ku chipatala msanga. Mnzanu akagwa mu mtengo kapena pa njinga namadandaula khosi, musamukhazike tsonga, musamupotoze mutu. Agone chogona, wina agwire mutu kuti usagwedezeke, ndipo funani thandizo.

Mafunso
1. Kodi m'khosi muli mafupa angati?
2. Kodi endoscope imathandiza bwanji dokotala?
3. Kambiranani: munthu wovulala khosi tingamusamale motani?